Nkhope ya pa Chiliza cha Fexon

Lolemba, 9 Juni

Mwera wayamba. Usipa wochepa, ndipo womwe ndayanika pa thandala wadzaza mchenga. Chifuwa cha mwana wanga Tione sichikutha.

Alamu a Isaya aimba foni kuchokera ku Nkhotakota. Chiliza cha mwamuna wanga Fexon chimangidwa mwezi wamawa, chaka chikakwana chimwalirireni. Simenti ndi thailosi alipira iwo, ndipo awoloka pa boti pamodzi ndi apongozi. Akufuna thailosi yokhala ndi nkhope, ngati zomwe zili pa manda a eni dziko kuno. Ati, "Mng'ono wanga asagone kwa eni ngati munthu wopanda abale."

Mawu abwino. Koma nkhopeyo tiitenga kuti? Fexon sankafuna kujambulidwa. Ukangokweza foni, iye chipewa kumaso. Zaka zonse zomwe takhala pa Mbamba Bay pano, kuno ku Tanzania, chithunzi chake n'chimodzi, cha pa ubatizo wa Tione, ndipo mukuoneka khutu ndi phewa basi. Chitupa ndi foni anamira nazo. Pamene nyanja inamubweza ku Lipingo kuja tinamuzindikira ndi malaya.

M'kabuku muno ndizimutchula dzina. Andimva ndani.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinapita kwa Yusta wa pa steshonale, uja amasindikiza makadi a ukwati kuseri kwa msika. Ndamufotokozera vuto langa, iye kuseka. Ati zimenezo n'zakale, masiku ano kompyuta imajambula munthu ndi mawu okha. Amati AI.

Wandikonzera chikalata cha pa intaneti. Chili ngati pepala limodzi loti aliyense angalitsegule pa foni yake, kaya ali ku Nkhotakota, kaya ku Joni kwa alamu a Eunice. Munthu akalembamo n'kutseka, makina amawerenga okha, n'kujambula nkhope, n'kuiponya okha pa gulupu ya banja. Chithunzi chatsopano chikabwera, chakale chimafufutika m'kompyuta ya Yusta kuti malo asadzaze. Ndiye Lachisanu lomaliza la mwezi uno masana, chomwe chidzakhalepo chidzapita chokha ku Songea kwa wopanga matailosi. Zonse wazilumikiza ngati mapaipi a madzi, ndipo akunyada nazo kwambiri. Ati, "Hutasumbuka, dada, suvutika. Iwe ungolemba, zinazo ziyenda zokha."

Ziyenda zokha. Chomwe ndinachionapo chikuyenda chokha ndi bwato lake m'mawa ule, nyali zili momwemo, mwini mulibe.

Sindinalembe kanthu. Ine ndine mtengwa, sindingayambe eni mwana asanayambe. Ndatumiza uthenga kwa alamu kuti atsogole ndi iwo.

Lamulungu, 15 Juni

Alemba.

A Isaya: wamtali, wa nkhope yaulemu, wooneka bwino. A Eunice: woyererapo, womwetulira nthawi zonse, wokonda kutchena. Apongozi sadziwa kulemba ndipo foni yawo ndi ya mabatani, choncho a Isaya awalembera: anali mwana wanga wachitatu, ndinamubereka nthawi ya njala.

Titatuluka m'tchalitchi foni inalira, chithunzi chafika. Mwamuna wa suti yabuluu, khungu losalala ngati sanapsepo ndi dzuwa, mano onse alipo ndipo ali pa mzere. Wokongola ndithu. Akanandifunsira ameneyu bwenzi mayi anga ataphika nkhuku.

Pa gulupu misozi yokhayokha. "Ndi yemweyo." "Mulungu ndi wamkulu." "Ngati alankhula." Msuweni wina yemwe anamuona komaliza ali mu Sitandade 6 walemba kuti kumwetulirako ndi komwe kuja.

Ine ndangoika kachizindikiro ka manja opemphera. Mutu ukuwawa.

Lachitatu, 18 Juni

Chikalata chikungotalika. Aliyense akuwonjezera pansi, palibe wofufuta za mnzake, chifukwa ungafufute bwanji mawu a munthu wamkulu? Amalume ake aika zoti ankakonda Mawu a Mulungu, makina am'gwiritsa Baibulo. Azakhali ake aika zoti anali wanzeru, makina amuveka magalasi. Foni ikungolira tsiku lonse, ndipo nthawi iliyonse ndi mwamuna wina, wonenepa kuposa woyamba. Bando yanga ya intaneti ikuthera pa anthu amene sindikuwadziwa.

Sindikuti akunama dala. Kwathu womwalira sitimunenera chilema. Pa maliro ngakhale wakuba amasanduka munthu wokonda anthu, ndipo tonse timavomera. Koma pa maliro mawuwo amapita ndi mphepo. Apa makina akuwatola n'kuwapangira nkhope.

Ndilembe muno poti muno mulibe wondiletsa. Fexon anali wamfupi, wakuda bii, wa mapewa aakulu. Diso lakumanzere loyera ndi ng'ala. Mphuno yokhotera mbali, anam'menya ndi nkhafi pa ndewu. Mano awiri apatsogolo kulibe. Ndipo tsinya, tsinya lija losachoka, ngati munthu amene wangomva kuti mafuta akwera mtengo. Ankaseka ndi mapewa, pakamwa ali chitsekere. Suti anavalapo kamodzi, yobwereka, n'kuitayira supu.

Ndi diso limodzi lomwelo anali siginala, woyatsa nyali zokopa usipa, wodziwika pa gombe lonse. Iye akayatsa nyali n'kunena kuti ponyani apa, khoka la chilimira silinkabwera lopanda kanthu.

Ndamusowa. Ndi tsinya lakelo ndamusowa.

Loweruka, 21 Juni

Usipa pang'ono lero. Ndagulitsa kwa amayi a ku Mbinga, andinenerera mpaka ndatopa n'kungowapatsa.

Msafiri anabwera ku thandala, uja ankapita naye limodzi pa nyanja. Ndi iyeyu anam'thyola mphuno, kenako n'kukhala bwenzi lake la pamtima. Amuna. Ndamuonetsa chithunzi cha lero. Wachiyang'ana, wachitembenuza, ati, "Shemeji, huyu nani? Mbunge?" Ndiye kuti alamu, uyu ndani, phungu wa nyumba ya malamulo? Ndamuuza kuti ndi mnzake. Wachiyang'ananso, kenako ati, "Nanga mphuno ija? Ndinaikonza ndekha ndi manja angawa." Taseka mpaka amayi oyandikana nawo atiyang'ana. Atachoka ndalira.

Choipa ndi ichi. Tione wakhala akuseweretsa foni. Ndamumva akuuza mwana wa a Veneranda oyandikana nafe kuti ababa ake ankavala tayi ndiponso anali ndi galimoto. Bambo ake pomwalira n'kuti iye ali ndi zaka zinayi. Zomwe aziona tsopano ndi zomwe azisunge.

Ndipo si Tione yekha. M'mawa ndikuchapa ndinayesa kumukumbukira Fexon akutafuna chinangwa, ndiye m'kamwa mwake munabwera mano a bambo wa suti uja. Ndinasiya zochapa n'kukhala pansi. Chaka sichinathe n'komwe.

Lolemba, 23 Juni

Ndinapita kwa Yusta kuti andikonzere pepala langalanga, ndiyese pandekha popanda gulupu. Pachitseko loko. Ali ku Mbinga ku maliro a apongozi ake, abwera Lachinayi madzulo. Lachisanu chithunzi chipita.

A Eunice awonjezera: mano oyera ngati mpunga.

Mpunga!

Lachiwiri, 24 Juni

Ndachita.

Sindinganame kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa kuti kuti ine ndichione, onse achiona. Ndinakhala kuseri kwa thandala dzuwa lili pamutu, ndinatsegula chikalata, ndinafufuta zonse. Za a Isaya, za amalume, za azakhali, za mpunga. Mzere wa apongozi wokha ndinausiya, chala chinakana. Ndiye ndinalemba zomwe ndinalemba muno Lachitatu, osasiyako. Ndinawonjezera chipsera cha mbedza pa chibwano ndi chipewa chake chobooka. Ndinatseka.

Foni inalira.

Si iye yense ayi. Makutu akula, khosi latalika. Koma diso lija, mphuno ija, ndi tsinya. Mayi anga ine. Anali kundiyang'ana ngati ndamubisira fodya.

Ndinamuitana Tione, ndinangomupatsa foni. Anayang'ana, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, ati, "Ababa akwiya. Mwawachedwetsera tiyi?"

Ndamukumbatira mpaka wadandaula kuti ndikumupweteka. Usipa wina akhwangwala atola, ndawasiya adye.

Pa gulupu zii. Onse achiona, zizindikiro zikuonetsa. Palibe wolemba kanthu.

Lachitatu, 25 Juni

Zaphulika.

A Eunice atumiza mawu ojambula, aatali, akulira ndi kukalipa nthawi imodzi. Ndamva poyamba pokha. "Mwamuvula mchimwene wanga pagulu. Mukufuna anthu azidzaloza manda ake n'kumaseka?" Azakhali ati ndine mkazi wopanda mwambo, kukhalitsa kwa eni kwandiwononga. Amalume atuluka mu gulupu.

A Isaya aimba. Iwo sakuwa, amalankhula pang'onopang'ono, ndiye zimapweteka kwambiri. Ati, "Alamu, ngati munali naye chifukwa mng'ono wanga, bwenzi mutanena akadali moyo." Ndinafuna kuwauza kuti chifukwa ndinali nacho tsiku lililonse, ndipo ndinkamuuza pamaso, iyenso ankandibwezera, ndipo ndi mmene tinkakhalira. Ndinangoti pepani.

Ati chithunzicho anakawaonetsa apongozi kuti aone zomwe mtengwa wawo wachita. Akuti anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo chakudya chamadzulo anakana.

Pamenepo ndi pomwe ndagwa mphwayi. A Eunice angandinyoze chaka chonse, sindingaonde. Koma mayi wokalamba uja sanandilakwirepo. Pa maliro ndi iwo okha anandifunsa ngati ndadya.

A Isaya achotsa chithunzi pa gulupu. Abwezeretsa mawu onse akale, makina ajambula wina, wa suti yakuda tsopano. Amuimbira Yusta kuti ine ndizingowerenga, ndisamalembe, poti olipira ndi iwo. Cha tsinya chija chinatsala m'foni mwanga mokha. Ndinachiyang'ana, ndinaganiza za apongozi atakhala osadya, ndinachifufuta. Palibe anandikakamiza. Chala changa chomwe.

Lachisanu, 27 Juni

Chapita ku Songea. Chokha, monga ananenera Yusta. Ine n'kuti ndikutembenuza usipa.

Tione akutsokomolabe. Mankhwala a ku duka sakuthandiza.

Lachiwiri, 8 Julayi

Sindinalembe masiku onsewa. Ndilembe chiyani?

Thailosi yafika pa basi, yokulungidwa m'katoni. Wa bodaboda, njinga yamoto ya hayala, anaibweretsa mpaka pakhomo, wasuzumira m'katonimo, ati pole, pepani, anali bwana wamkulu eti. Ndavomera. Ndaitsegula pang'ono, ndaona tayi, ndatseka. Ili pansi pa bedi. Chimwalirire Fexon m'chipinda muno simunalowe mwamuna, lero ndikugona ndi mlendo wa magalasi.

Amisiri ayamba kuumba. Mchenga akutuma ine.

Lachinayi, 17 Julayi

Afika dzulo. A Isaya, azakhali, ndi apongozi. A Eunice tchuthi awakaniza, atumiza nsalu. Nyanja inawavuta, apongozi anatsika boti atagwiriridwa mbali zonse. Achepa thupi. Ndinawagwadira, anandigwira mutu, sananene za chithunzi. Palibe wanena. Tonse tikulankhula za mwera ndi mtengo wa shuga.

Azakhali akundiyang'ana ngati mphika womwe unagwamo buluzi.

Loweruka, 19 Julayi

Tavundukula.

Anthu anabwera ambiri, a ku tchalitchi, a ku gombe, Amalawi anzathu a ku Ngumbo. Abusa anapemphera. A Isaya anachotsa nsalu. Anthu a ku gombe, omwe ankamuona tsiku ndi tsiku, anayang'ana thailosi, kenako anayang'ana pansi onse pamodzi ngati agwirizana. Msafiri anavula chipewa n'kumachipotokola. Mayi wina kumbuyo ananong'ona kuti kodi talakwitsa manda. Wina anamugunda ndi chigongono.

A Isaya analankhula bwino. Anati tsopano aliyense wodutsa adziwa kuti pano pagona munthu wa kwawo. Anthu anawomba m'manja. Chiliza n'chokongola, zoona, palibe chochiposa m'manda monsemo.

Tione anapatsidwa maluwa. Anayenda yekha, anaika, anayang'ana bambo wa tayi uja n'kumupatsa moni wa kuno wopatsa akuluakulu, "Shikamoo, baba." Anthu anati mwana wanzeru. Ine ndinaluma mpango.

Apongozi anaima pafupi nthawi yaitali. Anapukuta fumbi pa thailosi ndi nsonga ya chitenje. Osalira.

Mpunga unakwanira, nyama inaperewera. Azakhali anena kale.

Lamulungu, 20 Julayi

Ena onse anapita ku gombe kukafunsa za boti. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikupala nsomba. Apongozi anabwera n'kukhala pa ndowa yovundikira. Ndinaganiza kuti tsiku la mlandu wanga lafika, ndipo ndinayamba kupepesa mpeni uli m'manja.

Anandidula. Anati diso lija linayamba ndi chikuku, Fexon akukwawa. Anamubereka kumsana mpaka ku chipatala, mvula ikugwa, ndipo adokotala anati mwana apulumuka koma diso ayi. Anati ana anzake ankamuseka, ndi chifukwa chake anaphunzira ndewu msanga. Tsinya lija akuti anabadwa nalo, azamba anaseka pomulandira.

Tsiku lija a Isaya anawaonetsa chithunzi, sanakane chakudya chifukwa chokwiya. Ati, "Ndinamuona mwana wanga, ndiye chakudya sichikanalowa. Isaya anayamba kukalipa, ine n'kuopa kumutsutsa pamaso pa ana ake."

Ndiye anandigwira dzanja, mamba ali thoo, n'kuti, "Uja wa pamandayo sindinabereke ine. Chija cha diso chija undisindikizire, kakang'ono, ndikabise m'Baibulo. Isaya asadziwe."

Ndinati chabwino, amayi. Ndinati mawa.

Ndikanawauza bwanji?

Lolemba, 21 Julayi

Kwa Yusta kuyambira m'mawa. Usipa ndasiyira a Veneranda.

Wafufuza paliponse. M'kompyuta mulibe, chinafufutika tsiku lomwelo chatsopano chitabwera, monga anakonzera yekha. Pa gulupu mulibe. M'foni mwanga wasanthula mpaka m'zinyalala, mulibe, foni yotchipa siisunga. Waimbira Msafiri, iye sali pa gulupu. Ati, "Pole, dada. Ndikanadziwa."

Ndinati palibe vuto, mawu ndili nawo m'kabuku, tingolemba omwewo. Yusta anandiyang'ana mwachisoni. Ati makinawa sajambula nkhope imodzi kawiri. Mawu omwewo, munthu wina. Sindinakhulupirire. Wandikonzera pepala langalanga, lija ndinkalifuna mwezi watha. Ndakopera liwu ndi liwu.

Wabwera wamfupi, wakuda, wa diso loyera. Si iye. Tayesanso. Wa mphuno yokhota, wa chipewa chobooka, koma wokalamba ngati agogo. Tayesanso. Wina ngati chigawenga. Wina akumwetulira ndi chibwano cha Fexon. Wina ndinati ndi ameneyu, koma Tione pobwera ku sukulu anangoyang'ana n'kufunsa ngati ndamugulira mandazi. Onse ali ndi zilema zake, palibe ali ndi nkhope yake. Yusta wasiya kundiwerengera, akungodina.

Ndaona amuna a diso limodzi ochuluka lero kuposa omwe ali m'dziko lonse la Tanzania. Ena loyera lili uku, ena uku, makina amasintha mmene afunira. Pofika madzulo Yusta anandifunsa kuti tisankhe a mbali iti, anandilozera awiri pa kompyuta. Ati, ukamamuyang'ana chonchi, loyera linali mbali iyi kapena iyi?

M'kabuku ndinalemba lakumanzere. Koma kumanzere kwake kapena kwanga, sindinalembe. Ndinatseka maso kuti ndimuone atakhala pa mpando wake uja wa pakhomo. Anabwera wa magalasi. Ndinamuthamangitsa, anabwera wokalamba uja. Zaka zonse zija ndinkadzuka naye pa mphasa imodzi.

Ndauza Yusta kuti ndibwera m'mawa kwambiri. Boti inyamuka mawa. Apongozi ali pakhonde, amanga kale katundu, Baibulo lokha alisiya pamwamba. Pondiona ndikulowa anandiyang'ana m'manja.

Iwo akudziwa mbali yake. Anamubereka kumsana. Ndingotuluka n'kuwafunsa, mawu ochepa chabe. Koma ndikawafunsa adziwa kuti chithunzi kulibe, ndipo adziwanso kuti ine, mkazi wake, amene ndinafufuta mawu a akuluakulu onse kuti ndine ndikumudziwa bwino,

Akundiitana.